Chisa cha m'Njira

Deuteronomo 22:6, 7.

Abale okondedwa a m'mbali mwa Diamphwe, a ku Mitundu ndi a ku Nathenje, ndi inu nonse amene kalata iyi ifika m'manja mwanu, mwezi uno tifuna kulingalira pamodzi za lamulo lina laling'ono, limene silimveka kawirikawiri m'nyumba zathu zopemphereramo. Mulungu analipereka kwa Aisraeli mwa Mose, ndipo likamba za munthu wa paulendo amene maso ake agwa pa chisa, mbalame ili chifungatire mazira kapena tiana take. Munthuyo saletsedwa kutenga tianato ngati atifuna. Chimene aletsedwa ndicho kugwira make pamodzi nato. Make ayenera kumleka auluke. Aphunzitsi akale a Ayuda ankaliyesa lamulo ili lopepuka koposa onse, pakuti kulisunga sikutayitsa munthu kanthu. Komatu pa lamulo lopepukali Mulungu anamangirirapo lonjezo la kukhala bwino ndi la masiku ambiri, lonjezo lomwelo limene lili pa lamulo lalikulu lija la kulemekeza atate ndi amayi.

Nanga Mwini kumwamba ndi dziko asamaliranji kambalame ka m'tchire, kufikira kukalembera lamulo? Mlimi aliyense adziwa chifukwa chake. Mayi wanzeru sapha nkhuku yofungatira, ngakhale mlendo wafika ndipo ndiwo zasowa; ndipo bambo wanzeru sakazinga chimanga chimene anapachika padenga kuti chikhale mbewu. Wotenga tiana adya lero, ndipo make adzaikiranso. Wotenga make wadya ndi za mawa zomwe, walandanso mnzake amene adzapita njira yomweyo chaka chamawa. Chotero tisayese kuti Mulungu atiletsa za m'tchire. Nkhuni, mitengo yomangira, luzi, mankhwala, bowa, uchi ndi zipatso, zonsezi anatipatsa ndi Iye. Chimene akana ndicho dzanja limene silidziwa polekera.

Koma taonani chinthu china m'lamuloli. Linaperekedwa kwa munthu woyenda pansi, amene maso ake ali otseguka. Kuti alisunge ayenera kuyamba waona chisacho, nazindikira kuti uyu ndiye make, ndipo awa ndiwo ana. Munthu wosapenya sangathe kumvera lamulo lotere. Ndipo m'Buku Lopatulika monse Mulungu akondwera ndi anthu openya. Ntchito yoyamba imene Adamu anagwira ndi nzeru zake inali kuyang'ana zamoyo chimodzichimodzi ndi kuzitcha maina. Solomo, pamene mlembi afuna kutionetsa kukula kwa nzeru zake, atiuza kuti ankadziwa kufotokoza za mitengo, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono yomwe, ndi za nyama, mbalame, zokwawa ndi nsomba. Ambuye Yesu mwini ankachoka pakati pa khamu kunka kumapiri ndi kumalo kopanda anthu, ndipo pofuna kuchiritsa nkhawa ya ophunzira ake anawalozera mbalame ndi maluwa a kuthengo. Sanawatume kukazigwira, anawauza kuziyang'anitsitsa.

Kwathu kuno ulendo wotere ngwachilendo. Mwamuna alowa m'tchire ndi nkhwangwa paphewa, mayi ndi chikwanje ndi nkhata, mnyamata ndi legeni ndi ulimbo. Munthu akapita chimanjamanja nabwera chimanjamanja, a m'mudzi ayamba kunong'onezana, ena ati mutu wake wazungulira, ena ati anakafuna mankhwala oipa. Ife tinena kuti Mkhristu ayenera kuphunzira ulendo umenewu, wa kupita kukaona ntchito za Atate wake ndi kubwerako wosatenga kanthu. Ndipo malo oyendako sali kutali.

A ku Mitundu ali ndi phiri la Bunda, thanthwe lalikulu loima lokha pakati pa chigwa, kumene makolo ankapita kukapempha mvula, ndipo lero Akhristu a mipingo yambiri akwerako kukapemphera. Tiwapempha okwerawo kuti akatha kupemphera asafulumire kutsika. Akhale pansi, ayang'ane. Kumadzulo adzaona mzere wautali wa mapiri a Dzalanyama, kummawa phiri la Nkhoma, kumene amishoni anamanga m'chaka cha 1896. A ku Nathenje ndi Kamphata ali ndi Ngala, phiri lija la pakamwa poyasama limene aliyense wopita pa msewu wa ku Dedza aliona. Pa mapiri a miyala otere munthu wokhala chete aona mbira zilikuothera dzuwa, ndi akabawi alikuzungulira mumlengalenga osakupiza mapiko. Ndipo pali madambo a Diamphwe ndi timitsinje take, kumene m'mamawa kupezeka akakowa, ndi nantchengwa amene amanga chisa chachikulu chonga nyumba pamphanda ya mtengo, ndi timbalame toluka zisa zolendewera pa bango.

Koma woima pamwamba pa Bunda aonanso chinthu chomvetsa manyazi. Minda yafika kulikonse kumene diso lifika, ndipo apa ndi apo pali kagulu ka mitengo yobiriwira, yaitali, yothithikana. Mlendo angafunse kuti, Kodi tinkhalango timeneti anadzala ndani? Sanadzale munthu. Amenewo ndi manda. Mitengo imeneyo ndiyo yotsala ya nkhalango imene inaphimba dziko lonseli kale, ndipo yatsala chifukwa munthu salowa kumanda ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha mfumu. Akufa asunga mitengo yawo, amoyo atha yawo. Ngati kuopa manda kwakhoza kusunga mitengo zaka zonsezi, kodi kuopa Mulungu wamoyo kulephere kusunga ngakhale kamtunda kamodzi pa mudzi uliwonse? Funso ili tilisiya kwa akulu a Eklesia ndi kwa mafumu amene ali Akhristu, ndipo alipo ambiri.

Tsono tinene za Dzalanyama, pakuti kumeneko ndiko kuli make wa dziko lathu lino. Mapiri amenewa ali m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo boma la atsamunda linawapatula kuti akhale nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1922, chaka chomwecho chimene Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'chinenero chathu. Kukula kwake kuli pafupi ndi mahekitala 99,000. Mtsinje wa Diamphwe uchokera kumeneko, nuyenda m'malire a Lilongwe ndi Dedza kufikira ukathira mu Linthipe. Mtsinje wa Lilongwe uchokeranso komweko, nudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, amene amwetsa mzinda waukulu, ndipo pambuyo pake nawonso ukomana ndi Linthipe pa ulendo wa kunyanja. Panalinso maganizo a boma akumanga damu lalikulu pa Diamphwe penipeni, kuti madzi a mumzinda achuluke. Tsono wa m'tauni wotsegula mpopi ndi wa kumudzi wothirira dimba amwa m'chikho chimodzi.

Mitengo yambiri ya m'nkhalangoyi ndi mombo, tsamba ndi mchenga, ndipo pakati pake pali misuku, miwanga, milombwa ndi miula. Amene sanaione mu Seputembala ndi Okutobala sanaone ulemerero wake. Pa nyengo imene dziko lonse lauma, fumbi lili mbuu, mvula isanagwe ndi dontho limodzi, mitengo iyi iphuka masamba atsopano ofiira ngati moto, ena ngati magazi, ndipo patapita masabata owerengeka asanduka obiriwira. Madzi ophukira iwatenga kuti? Mizu yake yapita pansi kwambiri, kumene mvula ya chaka chatha inabisala. Umo ndimo nkhalango isungira mitsinje. Masamba ogwa aphimba nthaka, mvula ikagwa siithamanga, ilowa pang'onopang'ono motsata mizu, nikatuluka m'akasupe ndi m'madambo m'miyezi ya chilimwe. Phiri likametedwa, madzi onse atsika tsiku limodzi, ofiira ndi dothi la m'minda, nakokolola madimba. Ndipo pofika Okutobala amayi afukula mchenga pakati pa mtsinje kufuna madzi a mtsuko umodzi.

Mizu yomweyo ndiyo idyetsa bowa. Ndelema, manyame ndi chipindi sizimera paliponse, pakuti moyo wake uli wolumikizana ndi mizu ya mitengo yachilengedweyi; bowa apatsa mtengo madzi ndi zakudya za m'nthaka, mtengo nupatsa bowa chakudya chochokera m'masamba. Chifukwa chake munthu angadzale bulugamu wambiri, ndipo achita bwino kudzala, koma asayembekeze kukazula ndelema pansi pake monga ankazulira agogo ake pansi pa mombo. Amayi a Chigwirizano adziwa bwino kuti ndiwo za mu Januwale, mwezi wa njala, zichokera kuti.

Dzina lakuti Dzalanyama lichitira umboni za masiku amene nyama zinadzazadi m'menemo. Lero zazikulu zinatha, zatsala zazing'ono, agwape, nguluwe, anyani ndi apusi, ndipo nazonso zaphunzira kuthawa munthu ali patali. Koma mbalame zikalipo, ndipo mbiri yake yafika kutsidya kwa nyanja. Alendo achokera ku Ulaya ndi ku Amereka, nalipira ndalama zambiri za ulendo, kuti adzaone gogomole wina wamng'ono wotchedwa ndi dzina la Mjeremani Stierling, amene apezeka m'nkhalango za mombo za kuno, za kumwera kwa Tanzania ndi za kumpoto kwa Mozambique. Ayenda tsiku lonse ndi magalasi oonera patali, ndipo akamuona akondwa ngati apeza ndalama. Ena a ife aseka alendo otere. Ife sitiseka; tifunsa kuti, Bwanji mlendo adziwa chuma cha m'nyumba mwathu koposa eni nyumba? Woyenda m'nkhalango ya mombo adzapeza kuti nthawi zina muli zii, ngati mulibe chamoyo. Apirire. Mbalame za m'menemo ziyenda pagulu, mitundu yambiri pamodzi, zina kumwamba kwa mtengo, zina pathunthu, zina pansi. Ndipo gulu likafika, mtengo wonse ukhala ndi moyo kanthawi, kenaka lipitirira. Mulinso nsadzu, imene iitana munthu ndi kumtsogolera ku njuchi. Makolo athu pofula uchi ankaisiyira gawo lake, ndipo ankati womana nsadzu tsiku lina idzamtsogolera kwa chilombo. Iwo analibe Deuteronomo, koma mwambo uwu ufanana ndi lamulo la chisa.

M'mapiri omwewo muli Kaphirintiwa, kumene makolo a Achewa ankati anthu oyamba anatsikira pamodzi ndi nyama, nasiya mapazi awo pathanthwe. Nthanoyo iti munthu ndi nyama anakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto natentha tchire. Pamenepo nyama zinathawa ndi mkwiyo, ndipo Chauta anachoka pakati pawo. Ife sitiyesa nthano iyi Mawu a Mulungu, ndipo chiyambi cha munthu tichiwerenga m'Genesis. Koma tizizwa kuti akalewo anazindikira kuti chinasokoneza mtendere wa chilengedwe ndi dzanja la munthu, ndi kuti moto unali pakati pa mlanduwo. Mpaka lero, chaka ndi chaka, anyamata atentha phiri lonse chifukwa cha mbewa zosadzaza ndi chipewa chomwe. Moto wa mu Okutobala, udzu utauma kwambiri, upha mphukira, zisa za nkhwali ndi za nkhanga, ndi mitengo ing'onoing'ono yonse. Kumeneko ndiko kutenga make pamodzi ndi ana.

Tsopano tifike pa nkhani yowawa, ndiyo ya makala. Aliyense wokhala pa msewu wa ku Mitundu awadziwa amuna aja okankha njinga zosenza matumba aatali, otuluka kunkhalango usiku kuti akafike kumzinda kusanatenthe. Chiwonongeko chinakula kotero kuti m'chaka cha 2015 boma linatumiza asilikali kukalonda Dzalanyama. Lamulo la nkhalango la 1997 liletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo pambuyo pake zilango zake zinawonjezedwa. Komabe utsi wa mauvuni sunaleke. Sitifuna kuponya mwala pa munthu wokankha njinga. Thukuta lake tiliona, ndipo tidziwa kuti ambiri apita kumeneko chifukwa munda wachepa, feteleza wakwera, ana afuna chakudya ndi zovala. Phindu lalikulu silikhala m'thumba mwake, likhala kwa eni magalimoto ndi ogulitsa a m'tauni. Ndipo mlanduwu uli ndi eni ake ambiri: wophika pa mbaula mumzinda, womanga chigafa cha fodya, wootcha njerwa, ngakhale njerwazo zikhale za nyumba ya Mulungu. Mbale wa m'tauni amene adandaula kuti mpopi wauma, naitana wamakala pakhomo tsiku lomwelo, aganize bwino za zinthu ziwirizi.

Koma umphawi sufafaniza lamulo. Lamulo la chisa linalembedwera munthu wanjala, pakuti wokhuta sakwera mtengo chifukwa cha tiana ta mbalame. Kwa wanjalayo ndiye Mulungu anati atenge, koma aleke make. M'buku lomwelo, mutu 20, ngakhale ankhondo ozinga mudzi wa adani analetsedwa kudula mitengo ya zipatso. Ngati msilikali pa nkhondo anauzidwa kuleka mtengo wobala, nanga ife pa mtendere tidzayankha chiyani za misuku ndi miula imene yalowa m'uvuni?

Ndipo apa pali chifundo cha Mlengi chimene ambiri sachidziwa. Mitengo ya mombo ndi inzake siifa msanga. Ukaidula, chitsa chikhala chamoyo, ndipo mvula ikagwa chitulutsa mphukira zambiri. Make wa nkhalango ndiye chitsa ndi mizu yake. Malo odulidwa akangotetezedwa ku moto, ku mbuzi ndi ku khasu lozula zitsa, nkhalango ibwerera yokha, yosafuna mbande za kugula kapena kuthirira. Mwini malo angopatulira mphukira, nasiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, ndipo zodulidwazo zikhala nkhuni. Yobu m'masautso ake anaona chinthu chomwechi, kuti mtengo wodulidwa uli nacho chiyembekezo cha kuphukanso. Lamulo la dziko lilola mudzi kupatula nkhalango yakeyake pansi pa mfumu ndi komiti yake, ndipo alangizi a za nkhalango alipo oti athandize. Midzi ina yachita kale, ndipo amayi ake satha tsiku lonse paulendo wa nkhuni. Mumunda namonso, wolima asiye nsangu. Mtengo uwu ugwetsa masamba pa dzinja, pamene mbewu zifuna dzuwa, ndipo chimanga cha pansi pake chikula bwino. Mbaula zadothi zosatha nkhuni, zimene amayi aumba okha, nazo zipulumutsa mitengo yambiri.

Zonsezi zitheka pokhapo anthu akonda nkhalango, ndipo munthu sakonda chimene sachidziwa. Mwana amene sadziwa kusiyanitsa muwanga ndi mlombwa adzayesa zonse nkhuni. Mwana amene sanakhalepo chete kumvera kulira kwa njiwa kapena kuona lumbe alikuuluka madzulo adzayesa mbalame iliyonse ndiwo. Ana ambiri a masiku ano adziwa maina a osewera mpira a ku England, koma sangatchule mitengo khumi ya m'dziko la makolo awo. Ndipo okalamba odziwa mainawo alikutha mmodzimmodzi, monga ithera mitengoyo.

Chifukwa chake tipempha aphunzitsi a sukulu ndi a Sukulu ya Sabata kuti atulutse ana kamodzi pa mwezi, Loweruka m'mamawa kapena tsiku la Sabata masana mapemphero atatha. Wina asaope kuti kuyenda kotere kuipitsa Sabata, pakuti Ambuye mwini anapita pakati pa minda ndi ophunzira ake pa tsikulo; chokhacho, malegeni ndi agalu atsale kunyumba. Mupemphe gogo mmodzi wodziwa tchire atsogolere, ndipo mphunzitsi pa tsikulo akhale wophunzira. Muyende pang'onopang'ono, osafuula, dzuwa lili kumbuyo kwanu kuti maonekedwe a mbalame aoneke bwino. Mukafuna kulowa m'nkhalango ya boma muyambe mwaonana ndi a za nkhalango, ndipo kumanda musalowe konse popanda mawu a mfumu. Mitengo yake ioneka bwino muli kunja. Pamene mvula iyandikira, muwaonetse ana anamzeze amene afika ochuluka pa nyengoyo. Ena a iwo aswera ku Ulaya, nawoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara kudzadya tizilombo pa madambo a Diamphwe, ndipo mu Malichi ndi Epulo abwerera kwawo. Mneneri Yeremiya anachititsa manyazi anthu a Mulungu ndi mbalame zotere, zimene zisunga nyengo yake pamene anthu aiwala lamulo la Mwini wawo. Ndipo mwana akapeza chisa, pakuti adzachipeza ndithu, pomwepo mphunzitsi atsegule Deuteronomo 22, awerenge ndime ziwirizo ana ali chiimire, kenaka onse achoke mwakachetechete.

Tipemphanso kuti paulendo uliwonse mwana mmodzi wodziwa kulemba atenge kope ndi pensulo, alembe dzina la mtengo uliwonse ndi la mbalame iliyonse monga atchulira gogoyo, ndi ntchito yake ya mtengowo, ndi malo amene unapezeka. Maina asiyana pakati pa mudzi ndi mudzi, ndipo a kutsidya kwa Diamphwe, mbali ya Dedza, mwina atchula mosiyana ndi a kuno; mulembe monga mwamvera, osakonza. Makopewo muwapereke kwa akulu a Eklesia pa msonkhano wawo, kuti iwo awatumize kwa Mkonzi wa kalata iyi mwezi wa Epulo usanathe.